Khungu ndi Mthenga wa Thupi

Mawu ali m'munsiwa adakambidwa ndi mlendo wa ntchito ya chipatala pa msonkhano wa pachaka wa Bungwe umene udachitikira ku Mponela. Komiti idagwirizana kuti asindikizidwe onse mu Lipoti lino, kuti mamembala a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi amene sadathe kufika awawerenge, ndi kuwerengeranso anzawo m'midzi.



Pa ziwalo zonse za thupi la munthu palibe china chimene chili poyera monga khungu. Mtima, chiwindi ndi impso nzobisika, ndipo dokotala afuna zipangizo kuti adziwe za izo. Koma khungu, tsitsi ndi zikhadabo zimaonedwa ndi munthu aliyense wa maso, ngakhale amene sadapite kusukulu. Chodabwitsa nchakuti anthu ambiri amaziyesa zachabe. Mwana akatentha thupi usiku, makolo amalawirira mbandakucha kunka naye kuchipatala. Koma mwana yemweyo akakhala ndi zilonda m'manja miyezi itatu, amangoti zidzatha zokha. Tsono mutu wa nkhani ino ndi wakuti khungu ndi mthenga. Kawirikawiri limanena za nthenda imene ili m'kati, kapena za kusowa kumene kuli m'nyumba, nthawi yopulumutsa munthu ikadalipo. Mfumu yanzeru siipirikitsa mthenga isanamve chimene wadzera.

1. Mkanda wakuda wa nthawi ya njala

Chitsanzo choyamba chili m'boma lomwe lino la Dowa. Pa njala ya 2015 ndi 2016, pamene mvula idavuta zaka ziwiri zotsatana, ogwira ntchito pa chipatala chaching'ono cha ku Kasese, kufupi ndi Madisi, adawerenga anthu 691 odwala nthenda imene madokotala amaitcha pellagra, ndipo adawachiza ndi mapiritsi a vitamini wotchedwa niacin.

Nthendayi ili ndi maonekedwe ake amene munthu akawaona kamodzi saiwala. Khungu limada ndi kukhakhala ngati lopsa ndi moto, kenaka limang'ambika ndi kusupuka. Ndipo limachita zimenezi pokhapokha pamene pamawomba dzuwa, ndiko kuti kuseri kwa manja, m'mikono, pamwamba pa mapazi, kumaso ndi m'khosi. Limagwira mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo malire ake amathera pomwe pathera malaya. M'khosi kudako kumazungulira monga mkanda. Dokotala wa ku Spain, Gaspar Casal, ndiye adayamba kulongosola nthendayi m'chaka cha 1735, kotero kuti mpaka lero madokotala amautcha mkandawo ndi dzina lake.

Khungulo ndi mawu oyamba chabe a mthenga. Pambuyo pake lilime limafiira ndi kuwawa, m'mimba mumatseguka kosaleka, ndipo potsiriza mutu umasokonezeka: munthu amene adali waulemu amayamba kuiwalaiwala, kukwiya popanda chifukwa ndi kuyankhula zosamveka. Apa ndi pamene abale amayamba kulozana zala kuti wina wamlodza, nagulitsa mbuzi kuti akaombeze, pamene mankhwala ake ali m'chipatala ndi m'munda momwe. Wodwala akapanda kuthandizidwa amafa. Koma akalandira mapiritsi, m'mimba mumaleka ndipo nzeru zimayamba kubwerera m'masiku owerengeka.

Chiyambi chake nchakudya. Chimanga chili ndi niacin, koma womangika, kotero kuti thupi limatengapo pang'ono pokha. Ndipo pokonola ndi kuviika mphale, china cha chochepacho chimapita ndi madeya. Anthu a ku Mexico, kumene chimanga chidachokera, amachiphika ndi laimu kapena phulusa, zimene zimamasula vitaminiyo. Koma chimanga chidafika kuno popanda mwambo umenewo. Chifukwa chake nsima ifuna ndiwo zoithandiza: mtedza, nyemba, nandolo, usipa, matemba, mazira, mkaka ndi nyama. Banja likadya nsima yokha ndi masamba opanda nsinjiro miyezi ingapo, mkanda wakuda uja umafika.

Nthendayi si yachilendo m'dziko muno. Dokotala Hugh Stannus adalemba za iyo m'chaka cha 1912, ataipeza pakati pa akaidi a ndende ya Zomba. Ku America, kuyambira 1914, Dokotala Joseph Goldberger adapatsa ana amasiye odwala nthendayi mkaka, mazira, nyama ndi nyemba, ndipo idatha; ndi umboni umenewo adatsutsa anthu amene ankati njopatsirana. M'chaka cha 1990 idagwira anthu oposa 18,000 pakati pa othawa nkhondo ya ku Mozambique amene adali m'chigawo cha kummwera, ndipo idabuka pamene mtedza udaleka kufika m'chakudya chimene ankagawiridwa.

Mawu awa ayenera kulasa mtima wa mlimi wa Dowa ndi Ntchisi, pakuti dziko lino nla mtedza. Miyezi ya Meyi ndi Juni matumba amatsika m'mapiri pa njinga ndi pa ngolo kudza pa msika wa Mponela, ndipo mabanja ena amagulitsa mpaka mbewu yomwe. Pofika Januwale m'nyumba mulibe ngakhale kambale ka nsinjiro. Ndalama ya mtedza imatha msanga, koma kusowa kwake kumaoneka pakhosi pa mayi woyamwitsa ndi pa nkhalamba. Amene amamwa kachasu kwambiri ali pangozi yoposa, chifukwa mowa umawaletsa kudya ndi kuononga m'matumbo. Amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa isoniazid nawonso akaona khungu likuda chotere, abwerere msanga kumene adalandira mankhwalawo kukaonetsa, osangowaleka mwa iwo okha.

Tsitsi ndi zikhadabo nazonso zimanena za chakudya. Mwana amene tsitsi lake lasanduka lofiirira, lofewa ndi lososoka msanga, makamaka ngati mapazi akutupa, akusowa chakudya chomanga thupi. Munthu amene zikhatho, zikhadabo ndi m'kati mwa zikope mwayera, magazi amchepera, mwina chifukwa cha malungo, njoka za m'mimba kapena pakati. Onsewa afunika sikelo ndi chipatala.

2. Mphere

Mthenga wachiwiri amanena za m'nyumba. Nthenda ya mphere imadza ndi kachirombo kakang'ono kosaoneka bwino ndi maso. Kakakazi kamaboola khungu, nikakumba kanjira m'menemo ndi kuikira mazira awiri kapena atatu pa tsiku. Kamakonda pakati pa zala, m'mfundo za manja, m'khwapa, m'chiuno, m'matako ndi kumaliseche. Mwa makanda kamafikanso m'zikhatho ndi kumapazi. Kuyabwa kwake kumakula usiku. Kamayenda kuchoka pa munthu kunka pa mnzake pogona pamodzi ndi pofunda gombeza limodzi, nchifukwa chake nthendayi imakonda nyumba zothinana, sukulu zogonera komweko ndi ndende. Imagwira waukhondo ndi wauve yemwe, kotero palibe chochitira manyazi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimalepheretsa mabanja ambiri kuchira. Munthu akatenga kachiromboka koyamba, pamapita masabata anayi kapena asanu ndi limodzi asanayambe kukanda, koma nthawi yonseyo angathe kupatsira ena. Tsono mayi akapita kuchipatala ndi mwana mmodzi amene akulira, nasiya ena atatu amene sanayambe kukanda, mwana wochirayo amatenganso nthendayo pa mphasa yomweyo. Lamulo lake nlakuti onse a m'nyumba adzole mankhwala tsiku limodzi. Mankhwala ofala m'zipatala ndi benzyl benzoate, amene amadzolwa thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, osati pa zilonda pokha. A ana amasungunulidwa ndi madzi monga anenera a chipatala. Zovala, zitenje ndi magombeza zichapidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa padzuwa. Zosachapika zimangidwe m'thumba sabata imodzi, pakuti kachiromboka sikakhala moyo masiku ambiri kopanda munthu. Kuyabwa kungapitirire masabata awiri kapena anayi tizirombo titafa kale, ndipo kumeneko sikutanthauza kuti mankhwala alephera.

Mphere siyenera kupeputsidwa. Zilonda zokanda zimalowedwa ndi tizirombo tina tochititsa mafinya, ndipo mwa ana ena zotsatira zake zimafika ku impso. Mwana amene adali ndi zilonda zotere, ndipo patapita masabata angapo watupa kumaso ndi kukodza mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Bungwe la World Health Organization lidaika mphere m'gulu la matenda onyalanyazidwa a maiko otentha m'chaka cha 2017, poona kuti anthu pafupifupi 200 miliyoni amakhala akudwala nthendayi pa nthawi imodzi.

3. Banga losamva kukhudza

Mthenga wachitatu amayankhula monong'ona. Mabanga otuwa pa khungu ali amitundumitundu, ndipo ambiri, monga zikanga za pachifuwa ndi pamsana, alibe choopsa. Koma pali banga lina lotuwa kapena lofiirira limene siliyabwa, silipweteka, silituluka thukuta, ndipo likakhudzidwa silimva. Limenelo lingathe kukhala chiyambi cha khate. Kuliyesa nkosavuta: wodwala atsinzine, mnzake amkhudze ndi kathonje kapena nthenga ya nkhuku pa khungu labwino ndi pa banga mosinthanasinthana, ndipo iye aloze pamene wakhudzidwa. Akalephera kuloza pa banga, nkhaniyo njachipatala.

Akuluakulu amakumbukira masiku amene wakhate ankamangiridwa kanyumba kunja kwa mudzi, kapena kutumizidwa ku Mua kapena ku Kochirira kukakhala zaka. Masiku amenewo adapita. Kachirombo ka khate kadapezedwa ndi Dokotala Armauer Hansen wa ku Norway m'chaka cha 1873, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980 nthendayi imachizidwa ndi mankhwala ophatikiza, omwedwa miyezi 6 kapena 12 munthu ali kwawo, ndipo ngaulere. Woyamba kumwa mankhwala amaleka kupatsira ena, ndiponso anthu ochuluka zedi thupi lawo limakana nthendayi ngakhale akhale ndi wodwala. Bungwe la LEPRA lidagwira ntchito yaikulu m'dziko muno kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo m'chaka cha 1994 Malawi idafika pa muyeso wa wodwala wosakwana mmodzi pa anthu 10,000. Ambiri atamva zimenezo adaganiza kuti khate latha. Koma odwala atsopano akupezekabe chaka ndi chaka, ndipo ena amafika mochedwa.

Kuchedwako ndiko kumapundula. Khate silidula zala monga anthu amanenera. Limapha mitsempha yomvera, kotero kuti mayi amagwira mphika wotentha osamva, bambo amaponda chitsa nayenda nacho tsiku lonse. Zilonda zimenezo zikabwerezabwereza, zala zimatha. Mankhwala amapha kachirombo, koma mtsempha umene udafa kale subwerera. Wofika banga likadali limodzi amachira wopanda chilema chilichonse. Tsono mudzi umene umanyoza wakhate ukudzipweteka wokha, chifukwa umaphunzitsa ana ake kubisa mabanga pansi pa malaya. Akale adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali amithenga ena awiri oyenera kutchulidwa pano. Matuza opweteka otuluka mondondozana mbali imodzi ya thupi, amene anthu amati mashingozi, akagwira munthu wachinyamata; ndiponso mabanga akuda otukuka m'miyendo kapena m'kamwa, nthawi zina pamodzi ndi kutupa mwendo: zonsezi zimasonyeza kuti chitetezo cha thupi chingakhale chitatsika, ndipo munthu akayezetse magazi. Mankhwala a HIV akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuyambira 2004.

4. Za m'mutu, za kumapazi ndi za kumunda

Chipere cha m'mutu chimadza ndi mtundu wa chuku, chonga chija chimamera pa chimanga chonyowa. Chimadya tsitsi mozungulira, nichisiya malo otuwa. Chimayenda ndi lumo, chipeso, chipewa ndi makina a ometa, ndipo mwana mmodzi wometedwa pa msika Loweruka angapatsire anzake khumi ometedwa pambuyo pake. Popeza chimalowa m'mizu ya tsitsi, mankhwala odzola okha sachifika. Chifuna mapiritsi monga griseofulvin, omwedwa masabata 6 kapena 8 osadumphitsa. Chikalekereredwa mpaka kuchita mafinya, tsitsi silimeranso pamalopo. Amayi nawo adziwe kuti kuluka kokoka kwambiri, meshi yolemera ndi mankhwala owongolera tsitsi zimabweza tsitsi la pamphumi chaka ndi chaka. Maluko amene akuletsa mwana kugona ndi omangitsa, amasulidwe.

Kumapazi kuli matekenya. Utitiri umenewu udachokera ku South America, udatsika m'ngalawa pa gombe la Angola m'chaka cha 1872, ndipo m'zaka za m'ma 1890 udali utafika kale m'dziko lino. Umakhala m'fumbi la m'nyumba zosazira ndi m'makola a nkhumba, ndipo waukazi umalowa pafupi ndi chikhadabo nukula m'menemo. Kuzira kapena kutsira madzi pansi, kusesa, kutalikitsa khola ndi kuvala nsapato ndiko kuuletsa. Kuchotsa thekenya ndi minga kapena phini ladzimbiri kumatsegulira njira kafumbata, ndipo singano imodzi isayende pa anthu awiri. Mphutsi za pakhungu nazo zimadza ndi ntchentche imene imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zonyowa. Zovala ziyanikidwe pa chingwe padzuwa ndi kusitidwa ndi simbi yotentha, makamaka matewera a makanda. Zikhadabo ziwengedwe zazifupi, chifukwa ndi zimene zimanyamula mafinya kuchoka pa chilonda china kunka pa china. Za kumapazi ziwengedwe mowongoka, kuti zisalowe m'mnofu.

Alimi a fodya adziwenso kuti khungu ndi khomo. Pothyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula, ululu wa m'masamba umalowa pa khungu, ndipo munthu amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kusanza, zimene ambiri amaziyesa malungo. Ana ndiwo amagwidwa msanga chifukwa matupi awo ngaang'ono, ndipo ntchito imeneyi si yawo. Akuluakulu adikire mame akamuke, avale malaya a manja aatali, ndi kusamba ndi sopo akaweruka.

5. Mafuta a pamsika ndi dzuwa

Pa misika pamagulitsidwa timachubu ta mafuta oyeretsa khungu, ndipo ena amatigula kuti achize nato chipere kapena ziphuphu. Ambiri a mafuta amenewa ali ndi mankhwala amphamvu monga betamethasone ndi clobetasol, ena ali ndi hydroquinone kapena mercury. Masiku oyamba kuyabwa kumaleka ndipo nkhope imawala. Koma m'kupita kwa miyezi khungu limapyapyala, limachita mizere ndi mabanga akuda osachoka, chipere chimafalikira mobisika, ndipo mercury amaononga impso. Mafuta otere amatseka pakamwa pa mthenga, nthenda ikadali m'nyumba, ndipo ngakhale dokotala amavutika kuzindikira chimene chidalipo poyamba. Safunsa adadya phula. Khungu lakuda lili ndi chitetezo chake cha dzuwa, ndipo silifuna zambiri koposa madzi, sopo wamba ndi mafuta osasakaniza m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo ya mwera imang'amba milomo ndi zidendene.

Amene alibe chitetezo chimenecho ndi abale achialubino. Kalembera wa 2018 adapeza anthu otere 134,636 m'dziko muno. Dzuwa limawotcha khungu lawo kuyambira ali makanda, ndipo zilonda za dzuwa zimasanduka khansa imene imapha ambiri akadali achinyamata. Afuna chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa amene amafunsidwa kuchipatala, ndi ntchito ya pamthunzi dzuwa likakhala paliwombo. Kusukulu mwana wotere akhale kutsogolo chifukwa cha maso. Chilonda chilichonse chimene sichikupola pakatha mwezi chikaonetsedwe, pakuti chikadali chaching'ono chimachotsedwa mosavuta.

6. Chimene Bungwe lingachite

A Tcheyamani, zipatala zilipo: Mponela, Mtengowanthenga, Madisi, Dowa ndi Ntchisi, ndipo matenda ovuta amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Chimene chimasowa ndi munthu woona msanga ndi kunena. Ntchito imeneyo ili m'manja mwa mamembala a Bungwe lino, amene ali aphunzitsi, akulu a mipingo, eni masitolo ndi alimi omveka m'midzi mwawo. Zopempha zili zinayi.

Choyamba, membala aliyense asunge mtedza ndi nyemba zokwanira banja lake kufikira zokolola zina asanatengere zotsala kumsika, ndipo alangize anansi ake chimodzimodzi. Mafumu alankhulepo pa misonkhano ya m'midzi nthawi yokolola isanafike.

Chachiwiri, aphunzitsi aziona manja ndi mitu ya ana kamodzi pa mwezi, ndipo akapeza mphere auze kholo kuti nyumba yonse ifuna mankhwala, osamchititsa mwanayo manyazi pamaso pa anzake.

Chachitatu, Komiti ikambirane ndi ometa a pa misika ya Mponela, Madisi ndi Ntchisi za kutsuka makina ndi mankhwala opha tizirombo akameta munthu aliyense, ndi kusagwiritsa lezala limodzi pa anthu awiri.

Chachinayi, membala akaona mnansi ali ndi mkanda wakuda m'khosi, banga losamva, kapena chilonda chosapola, amtengere pambali, amuuze mwaulemu, ndipo ngati nkotheka amperekeze kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala. Ambiri amachedwa chifukwa cha manyazi ndi kusowa wowaperekeza.

Zimenezi sizifuna chuma chambiri cha m'thumba la Bungwe. Msonkhano wa chaka chamawa ukadzamva kuti nthambi iliyonse idachitapo ngakhale ziwiri mwa zinayizi, nthawi imene mamembala apereka pomvetsera lero idzakhala itabala zipatso.